Chala pa Tsaya

Magetsi anathima isanakwane sikisi.
Makina onse a mu Kalingalinga anangoti zii,
ndipo bambo, posowa chowotcherera,
anavomera kukhala pa chigubu chopanda kanthu
kuti ndiwajambule.

"Tsono ndiyang'ane kuti?"
Ndinati kukhomo.
Anayang'ana kukhomo
ngati akudikira munthu amene anatenga geti pangongole.

Kuwala kunkalowera pa bowo la lata,
kachingwe kamodzi kokha,
kutera pa tsaya lawo, kutsetsereka m'khosi,
kukathera pa batani lachiwiri la ovolosi.
Ndinakuthamangira ndi burashi,
pakuti dzuwa la Lusaka silidikira:
ikamati teni lakwera pamutu
n'kuyeretsa zonse mbuu ngati fumbi la simenti.

Nkhope yawo si yakuda.
Ndinazidziwa nditafinya machubu asanu.
Muli dzimbiri la chitsulo chogonera pa mvula,
muli chikasu cha papaya wakupsa mbali imodzi,
ndipo pansi pa diso muli buluu,
buluu yemwe uja ndinkamuona ndili mwana
akung'anima m'makoma a anthu usiku,
amayi atanditseka kumaso ndi dzanja lonunkha sopo:
usayang'ane, Tisauke, uchita khungu.

Khungu.
Liwu limodzi lomwelo,
lophimba thupi, lophimbanso maso.
Ine ndinkafuna kujambula loyambalo.

Iwo anayang'ana moto umenewo zaka makumi atatu.
Galasi la chigoba litasweka sanagule lina,
mwezi umenewo kunali fizi.
Madzulo ankagona chagada pakhonde,
timapisi ta mbatatesi pa zikope,
akung'ung'udza kuti m'maso muli mchenga.
M'mawa, geti lina.
Mageti a ku Kabulonga, a ku Woodlands,
otsekera nyumba zomwe sanalowemo ndi tsiku limodzi.

Penti wamafuta ndi waulesi, sauma msanga.
Amakulola kunama lero, ukonze mawa.
Katatu ndinawapatsa maso akuthwa,
a mnyamata wa pa chithunzi cha ukwati.
Katatu ndinapala ndi mpeni
n'kupukutira pa siketi yakale.
Kachinayi ndinasakaniza phulusa ndi mkaka
n'kusiya chifunga pomwe chili.
Dzanja linanjenjemera.
Ndinanamizira fungo la palafini.

Sitinalankhule. Sitizolowerana pa zolankhula.
Ntchentche inatera pa bondo lawo, sanaiingitse.
Patali kondakitala ankaitanira a ku tauni, a ku tauni,
ndipo kachingwe ka kuwala kaja
kanachoka pa tsaya, kanakwera khutu,
kanagwera pansi pakati pa zidutswa za waya.

Kenaka mwana wa a Zgambo anakuwa kuti abwera!
Chopalira zitsulo cha kuseri chinayamba kulira,
wailesi inapitiriza nyimbo pomwe inalekezera.
Bambo anadzuka, mawondo akuti thethe.

Asanatuluke anafika pa nsalu,
mphuno pafupifupi kukhudza penti,
mutu kupendekera uku, kupendekera uko,
kusaka pangodya pomwe diso likadagwirako ntchito.

"Mkulu ameneyu wakwiyira ndani?"
Ndinati sanakwiye, watopa.
"Ayi. Akuwerengera za lendi."
Anaseka mpaka kutsokomola.
Ndiye anatambasula chala chachikulu,
chija chikhadabo chake chinapsa,
n'kugwira tsaya la munthu wa pa nsaluyo
ngati akuyesa ngati chitsulo chazizira.

Pomwe panali kuwala panatsala chidindo,
timizere tozungulira, ndi chipsera chodutsa pakati.

Mayi wina wogula zithunzi anabwera Loweruka,
anaima nthawi yaitali, magalasi ali m'manja,
n'kufunsa ngati pamenepo ndidzakonzepo.
Ndinati pauma kale.
Sipanaume. Mpaka lero ndikagunda pamamata.

Chikasu chotsalacho anapita nacho ku ntchito.
Chili penapake mumzinda muno,
pa geti lakuda, cha m'munsi mwa loko,
ndipo mlonda amachigwira m'mawa uliwonse
potsegulira bwana wake.